Kuyabwa ndi kutupa kwa ziwalo zobisika mwa atsikana: zoyambitsa ndi kapimidwe kake

Kuyabwa, kufiira ndi kutupa kwa ziwalo zobisika ndilo vuto la ku ziwalozi limene limapezeka kawirikawiri mwa ana aakazi amene sanathe msinkhu. Madotolo amalichula kuti vulvovaginitis, kutanthauza kutupa kwa mbali yakunja ya ziwalo za mkazi pamodzi ndi njira yopita ku ciberekero.

Vutoli si nthenda imodzi. Zoyambitsa zake ndi zambiri, ndipo zimasiyana malinga ndi msinkhu wa mtsikana. Cimene cimayabwitsa mwana wa zaka 4 nthawi zambiri sicikhala cimene cimayabwitsa mtsikana wa zaka 16. Pa cifukwa cimeneci, mankhwala amene anathandiza mayi kapena mkulu wake angakhale opanda nchito kwa mwana wamng'ono, ndipo nthawi zina amaonjezera vutolo.

Mmene thupi limasinthira ndi msinkhu

Cimene cimalamulira khungu la m'njira ya ciberekero ndi homoni yochedwa estrogen.

Mwana wamkazi akangobadwa amakhala ndi homoniyi yocokera kwa amayi ake. N'cifukwa cake khanda lingatulutse cikazi coyera, mwinanso timagazi pang'ono, m'masabata oyambirira. Izi si matenda, ndipo zimatha zokha homoniyo ikatsika.

Kuyambira pamenepo mpaka kutha msinkhu, estrogen imakhala yocepa kwambiri. Khungu la m'njira ya ciberekero limakhala lopyapyala ndi losacedwa kusupuka. Mwanayo sakhala ndi mafuta kapena tsitsi zochinga ziwalozo, ndipo mtunda wocokera kotulukira cimbudzi kufika ku njira ya ciberekero ndi waufupi. M'njiramo mulibenso asidi wokwanira: mlingo wake, umene akatswiri amauchula kuti pH, umakhala pakati pa 6.5 ndi 7.5, pamene tizilombo tambiri timaswana bwino.

Mtsikana akayamba kutha msinkhu, estrogen imakwera, khungu limakhuthala, ndipo m'njiramo mumakhazikika mabakiteriya othandiza ochedwa lactobacilli. Dotolo wa ku Germany, Albert Döderlein, ndiye anawafotokoza mu 1892. Mabakiteriyawa amapanga asidi amene amatsitsa pH kufika pa 4.5 kapena kucepera, ndipo asidiyo amaletsa tizilombo tina kuculuka.

Zoyambitsa mwa ana osatha msinkhu

Mwa ana ambiri a msinkhu uwu, kupima sikupeza kacilombo kamodzi kamene kangalozedwe cala. Khungu limangokhala litanyansidwa ndi zinthu za tsiku ndi tsiku.

Coyamba ndi kadzipukutidwe. Mwana amene wayamba kupita yekha ku cimbudzi angadzipukute kucokera kumbuyo kupita kutsogolo, ndipo potero amabweretsa tizilombo ta m'matumbo ku ziwalo zakutsogolo. Wina amakodza ataphatikiza miyendo, mkodzo n'kutsalira m'makwinya a khungu. Kudzimbidwa ndi kutsegula m'mimba nako kumaonjezera vutoli.

Caciwiri ndi sopo. Sopo wonunkhira, mankhwala opha tizilombo othira m'madzi osamba, sopo wocapira amene sanatsukuluzidwe bwino pa kabudula wamkati, ndi kukhula mwamphamvu posambitsa, zonsezi zimasupula khungu lopyapyala lija. Mayi akaona kufiira n'kuyamba kusambitsa mwana ndi sopo wambiri, poganiza kuti vuto ndi litsiro, kufiirako kumangokula.

Cacitatu ndi cinyezi: zovala zothina za nayiloni, kabudula wonyowa wokhala pathupi nthawi yaitali, ndi thukuta la nyengo yotentha.

Pali ana ena amene kutupa kwao kumayamba ndi kacilombo kodziwika. Kofala kwambiri ndi Streptococcus pyogenes, kamene kamayambitsanso zilonda zapakhosi ndi zapakhungu. Mwana amakanyamula ndi zala kucokera kumphuno kapena kukamwa. Matendawa amayamba mwadzidzidzi, khungu limafiira kwambiri, pamatuluka mafinya, ndipo nthawi zina timagazi. Haemophilus influenzae nako kamacokera m'njira yopumira. Shigella, kacilombo ka kamwazi, kangayambitse cikazi camagazi ngakhale mwanayo asakutsegula m'mimba pa nthawiyo.

Njoka za m'mimba za mtundu wa Enterobius vermicularis zimaiwalika kawirikawiri. Ndi tinjoka toyera, toonda ngati ulusi, totalika pafupifupi sentimita imodzi. Usiku tinjoka tatikazi timatuluka kukaikira mazira kuzungulira kotulukira cimbudzi, ndipo tina timasocerera kutsogolo. Mwana amene amadzuka usiku akulira ndi kudzikanda, koma masana ali bwino, ayenera kupimidwa njokazi.

Cinthu cotsalira m'njira ya ciberekero ndi coyambitsa cina. Cimene cimapezeka kawirikawiri ndi tizidutswa ta pepala la m'cimbudzi, koma madotolo amapezanso mikanda, njere ndi tizidole. Cizindikiro cake ndi cikazi conunkha kwambiri, cofiirira kapena camagazi, cimene cimabwereranso mankhwala akangotha.

Matenda a pakhungu nawo amafika ku ziwalo zobisika. Amene madotolo amawasamala kwambiri ndi lichen sclerosus. Khungu limayera ndi kupyapyala kuzungulira ziwalo zakutsogolo ndi kotulukira cimbudzi, moonekera ngati nambala 8. Limang'ambika ndi kutuluka magazi mosavuta, mwakuti munthu wosawadziwa angaganize kuti mwanayo anacitidwa nkhanza. Matendawa sapatsirana.

Pali cinthu cimodzi cimene cimasokoneza makolo ambiri. Nthenda ya Candida, yofala mwa amayi, sipezeka kawirikawiri mwa mwana amene anasiya matewera koma sanathe msinkhu, cifukwa kacilomboka kamakonda khungu lokhala ndi estrogen. Ikapezeka pa msinkhu umenewu, dotolo amafunsa ngati mwana wamwa maantibayotiki posacedwa, ndipo angapime matenda a shuga kapena kufooka kwa citetezo ca m'thupi. Mafuta a Candida ogula ku sitolo ya mankhwala nthawi zambiri sathandiza ana otere.

Zoyambitsa mwa atsikana otha msinkhu

Miyezi 6 mpaka 12 msambo woyamba usanafike, atsikana ambiri amayamba kutulutsa cikazi coyera kapena coonekera ngati madzi, copanda fungo loipa ndi cosayabwa. Ici ndi cizindikiro cakuti thupi likukula, ndipo sicifuna mankhwala. Mtsikana amene sanauzidwe zimenezi angacite mantha kapena manyazi popanda cifukwa.

Matenda enieni a msinkhu uwu amafanana ndi a amayi akuluakulu, ndipo atatu ndiwo ofala.

Oyamba ndi bacterial vaginosis. Mabakiteriya othandiza aja amacepa, ndipo m'malo mwake mumaculuka ena monga Gardnerella vaginalis. Cikazi cimakhala camadzimadzi, cotuwa, conunkha ngati nsomba, koma kuyabwa sikukhala kwakukulu. Kutsuka m'kati ndi sopo, ndi kuikamo zitsamba, nsalu kapena mankhwala oumitsa, kumaononga mabakiteriya othandizawo. Matendawa amapezeka kwambiri mwa amene anayamba kugonana, koma amapezekanso mwa amene sanayambe. Kafukufuku wa ku Australia wofalitsidwa mu 2025 anaonetsa kuti kupereka mankhwala kwa mwamuna wa wodwalayo kumacepetsa kubwereranso kwa matendawa.

Aciwiri ndi Candida. Kuyabwa kumakhala kwakukulu, khungu limafiira, ndipo cikazi cimakhala coyera ndi colimba ngati mkaka wosasa, copanda fungo lamphamvu. Pafupifupi amayi atatu mwa anayi alionse amadwala nthendayi kamodzi pa moyo wao. Maantibayotiki, pakati, shuga ndi kufooka kwa citetezo zimaipatsa mpata. Siwerengedwa pa matenda opatsirana pogonana.

Acitatu ndi Trichomonas vaginalis, kacilombo kamene Alfred Donné wa ku France anakaona koyamba mu 1836. Kamapatsirana pogonana. Cikazi cake cingakhale cacikasu kapena cobiriwira, cathovu, koma ambiri amene ali nako saona cizindikiro ciliconse.

Kuonjezera pa atatuwa, cinzonono ndi Chlamydia zimagwira khomo la ciberekero ndipo zingatulutse cikazi. Zikapanda kucizidwa zimakwera mpaka ku macubu a mazira, ndipo zingadzetse kusabereka kapena pakati pokhala kunja kwa ciberekero. Sopo wonunkhira, kumeta, ndi nsalu kapena mapadi a pa msambo osasinthidwa pa nthawi yake zimayabwitsanso popanda kacilombo kalikonse.

Likodzo la ku ziwalo zoberekera

M'madera ambiri a Zambia, makamaka kufupi ndi mitsinje, madamu ndi nyanja monga Kariba, pali coyambitsa cina cimene cimaphonyedwa kawirikawiri. Likodzo la mtundu wa Schistosoma haematobium limadziwika ndi kukodza magazi, koma mazira ake amakhazikikanso m'njira ya ciberekero ndi pa khomo lake. Amayambitsa kuyabwa, cikazi, kupweteka ndi kutuluka timagazi.

Akatswiri amayerekeza kuti amayi ndi atsikana pafupifupi 56 miliyoni a kum'mwera kwa cipululu ca Sahara ali ndi vutoli. Mtsikana amalitenga posamba, pocapa kapena potunga madzi mmene muli nkhono zonyamula kacilomboka, osati pogonana. Popeza zizindikiro zake zimafanana ndi za matenda opatsirana pogonana, atsikana ena amapatsidwa mankhwala olakwika ndi kunenezedwa za khalidwe limene sanacite. Zilonda zimene limasiya zimaonjezeranso mpata wotenga HIV. Mu 2015 bungwe la World Health Organization linatulutsa kabuku ka zithunzi kothandiza a zaumoyo kuzindikira nthendayi. Mankhwala ake ndi praziquantel, amene amaperekedwanso kwa ana a sukulu m'madera mmene likodzo ndi lofala.

Mafunso a ku cipatala

Kupeza coyambitsa kumayamba ndi mafunso, ndipo nthawi zambiri yankho limapezeka pomwepo.

Dotolo kapena namwino amafuna kudziwa pamene vuto linayamba, ngati cacikulu ndi kuyabwa, kupweteka kapena cikazi, mtundu wa cikazico ndi fungo lake, ndiponso ngati pali magazi. Amafunsa ngati kuyabwa kumakula usiku, ngati mwana anadwala cimfine, zilonda zapakhosi kapena kutsegula m'mimba posacedwa, ndi ngati wamwa maantibayotiki. Amafunsanso za sopo, zovala, kadzipukutidwe, madzi amene mwana amaseweramo, ndi mankhwala kapena zitsamba zimene zapakidwa kale kunyumba. Makolo ayenera kunena zonse popanda kubisa, cifukwa zopakidwazo zimasintha maonekedwe a khungu.

Mwana amene angathe kulankhula amafunsidwa modekha, ndi mau a msinkhu wake, ngati pali munthu amene anamugwira m'njira yosamusangalatsa. Funsoli limafunsidwa kwa ana onse obwera ndi vutoli, ndipo silitanthauza kuti banja likukayikiridwa.

Mtsikana wotha msinkhu amapatsidwa mpata wolankhula ndi wa zaumoyo payekha. Amafunsidwa za msambo wake womaliza, za kugonana, ndi ngati anakakamizidwa. Popanda cinsinsi cimeneci atsikana ambiri sanena zoona, ndipo matenda oopsa amabisika.

Kupima thupi

Kwa mwana wamng'ono kupima ndi kuona ndi maso cabe. Kumacitika kholo kapena womusamalira ali pomwepo, mwanayo atafotokozeredwa zimene zicitike ndipo wavomera. Amagona cagada, zidendene zitakumana ndi maondo atatayana, ndipo wamng'ono kwambiri angakhale pamiyendo pa amayi ake. Nthawi zina amamugwaditsa cifuwa cili pabedi kuti m'kati muoneke bwino.

Citsulo cotsegulira njira ya ciberekero, cimene amapimira amayi, sicigwiritsidwa nchito pa mwana wosatha msinkhu ali maso. Mwana akakana sakakamizidwa. Ngati n'kofunika kuona m'kati, monga pofuna cinthu cotsalira kapena gwero la magazi, amamugoneka ndi mankhwala ku cipatala cacikulu ndi kuona ndi kacipangizo koonda kokhala ndi nyali.

Poona, dotolo amafuna kufiira, zilonda, njerewere, khungu loyera la lichen sclerosus, ndi milomo ya ziwalozo yomatirirana. Amaonanso ngati khomo la mkodzo latuluka kunja ngati kamphete kofiira, vuto limene limatulutsa magazi mwa atsikana aang'ono ndipo limapezeka kwambiri mwa ana akuda. Amayang'ana pakhosi ndi khungu la thupi lonse. Mabere akayamba kumera mwana asanafike zaka 8, magaziwo angakhale a kutha msinkhu msanga, ndipo pamafunika kupima kwina.

Kupima kwa ku labotale

Mwana amene ali ndi kufiira pang'ono popanda cikazi safunika kupimidwa zambiri. Amalangizidwa kusamba ndi madzi ofunda okha ku ziwalozo, kudzipukuta kucokera kutsogolo kupita kumbuyo, ndi kuvala kabudula wathonje wosathina. Ambiri amacira m'masabata awiri kapena atatu.

Pakakhala mafinya kapena cikazi coonekera, amatengako pang'ono ndi kathonje konyowa, mosamala kuti asapweteke mwana, ndi kukameretsa tizilombo ku labotale. Zotsatira zimafunika kuziwerenga mwanzeru: tizilombo ta m'matumbo ndi ta pakhungu timapezeka ngakhale mwa ana abwinobwino, ndipo kupezeka kwake kokha si cifukwa coperekera maantibayotiki.

Mkodzo umapimidwa pofuna matenda a m'cikhodzodzo, shuga, magazi ndi mazira a likodzo. Mazirawa amaculuka mu mkodzo wa pakati pa 10 koloko m'mawa ndi 14 koloko. Komabe kusapezeka kwake mu mkodzo sikutsimikizira kuti ku ziwalo zoberekera kulibe.

Tinjoka toyera tija sitioneka kawirikawiri popima cimbudzi. Njira yabwino ndi kumata kaselotepi pakhungu la kotulukira cimbudzi m'mamawa, mwana asanasambe kapena kupita ku cimbudzi, ndi kukaona mazira pa maikulosikopu. Kubwereza kwa masiku atatu otsatizana kumathandiza kuwapeza. Akapezeka, a m'nyumba onse amamwa mankhwala a njoka ndi kubwerezanso pakapita masabata awiri.

Kwa mtsikana wotha msinkhu, kapepala kopimira pH kamathandiza kusiyanitsa matenda: pa Candida mlingo umakhala wa masiku onse, koma pa bacterial vaginosis ndi Trichomonas umapitirira 4.5. Mu 1983 Richard Amsel ndi anzake anakhazikitsa zizindikiro zinayi za bacterial vaginosis: cikazi camadzimadzi cotuwa, pH yoposa 4.5, fungo la nsomba cikazico cikathiridwa potassium hydroxide, ndi maselo okutidwa ndi mabakiteriya ooneka pa maikulosikopu. Zitatu mwa zinayizi zikapezeka, matendawo atsimikizika. Malabotale amagwiritsanso nchito njira ya Nugent ya mu 1991, imene imapereka mlingo wa 0 mpaka 10, ndipo 7 kupita m'mwamba ndiye kuti matendawo alipo.

Trichomonas imaoneka ikuyenda pa maikulosikopu ngati cikazi capimidwa citangotengedwa, koma njirayi imaphonya odwala ambiri. Njira zatsopano zofufuza majini a kacilombo ndizo zodalirika pa Trichomonas, cinzonono ndi Chlamydia. Makina a GeneXpert, odziwika pa kupima TB, amathanso kupima matendawa ngati zipangizo zake zilipo. Mtsikana angathe kudzitengera yekha cikazi ndi kathonje, kapena kupereka mkodzo. Amene anayamba kugonana amapimidwanso pakati, HIV ndi cindoko.

M'makiliniki opanda labotale, a zaumoyo amapereka mankhwala potsatira zizindikiro, monga mmene malangizo a World Health Organization amalolera. Njirayi inakonzedwera anthu amene anayamba kugonana. Siyenera kugwiritsidwa nchito pa mwana wamng'ono, amene ayenera kutumizidwa kumene angapimidwe mokwanira.

Pamene nkhanza zikuganiziridwa

Ana ambiri amene ali ndi kuyabwa ndi kufiira sanagwiriridwe, ndipo kufiira kokha si umboni. Komanso ana ambiri amene anagwiriridwa saoneka ndi bala lililonse popimidwa, motero thupi looneka bwino silitsutsa zimene mwana wanena.

Cinzonono, Chlamydia kapena Trichomonas zikatsimikizika mwa mwana amene anapitirira ukhanda koma sanathe msinkhu, madotolo amaona kuti ndi cizindikiro camphamvu ca nkhanza ya kugonana. Khanda lingatenge matendawa kwa amayi ake pobadwa, ndipo Chlamydia yotengedwa motero ingakhale m'thupi mpaka zaka ziwiri kapena zitatu. N'cifukwa cake zotsatira zimatsimikizidwa kawiri, popeza zingakafike ku khoti.

Kupima unamwali sikuli mbali ya nchitoyi. Mu 2018 World Health Organization, pamodzi ndi mabungwe ena a United Nations, inalengeza kuti palibe kupima kumene kungasonyeze ngati mtsikana anagonapo ndi mwamuna, ndipo inapempha maiko kuti mcitidwewu uthe.

Mu Zambia kugona mwana ndi mlandu waukulu, wa cilango cosacepera zaka 15 m'ndende. Nkhani zotere zimapita ku Victim Support Unit ya apolisi, kapena ku malo a One Stop Centre opezeka m'zipatala zina, kuphatikizapo University Teaching Hospital ku Lusaka, kumene mwana amapeza cithandizo ca mankhwala, uphungu ndi apolisi pamalo amodzi. Nthawi ndi yofunika: mankhwala oteteza ku HIV amagwira nchito akayambidwa pasanathe maola 72, ndipo oletsa pakati pangozi pasanathe maola 120. Kukambirana nkhani pa banja kumataya maola amenewa ndi kusiya mwana pangozi.

Zizindikiro zosafunika kudikira

Makolo ndi osamalira ana ayenera kupita ndi mwana ku cipatala mwamsanga ngati pali magazi mwa mtsikana amene sanayambe msambo, cikazi conunkha kapena camafinya, zilonda, matuza, njerewere kapena cotupa cooneka pa khomo la njira ya ciberekero. Magazi mwa mwana wamng'ono nthawi zina, ngakhale si kawirikawiri, amacokera ku khansa, ndipo safunika kucedwa nawo.

Zina ndi kutentha thupi, kupweteka kwa m'mimba kumunsi, kulephera kukodza, kudontha mkodzo usana ndi usiku, ndi vuto limene silikusintha pakapita masabata atatu atasiya sopo ndi kukonza ukhondo. Mwana amene wasintha khalidwe mwadzidzidzi, kapena wayamba kuopa munthu wina, ayenera kumvetseredwa ndi kuonedwa tsiku lomwelo.

Kufikira mwana ataonedwa ndi a zaumoyo, asapakidwe zitsamba, mafuta a munthu wina kapena mankhwala opha tizilombo, ndipo asapatsidwe maantibayotiki otsala m'nyumba. Cithandizo coyamba cimapezeka pa kiliniki iliyonse ya boma, ndipo amene akuda nkhawa ndi citetezo ca mwana angaimbe lamya kwaulere ku Childline pa nambala 116.